Bokosi la Mafunso: Punk, rock ndi mabandi odzipangira okha zinthu

Mwezi uno mafunso ambiri amene mwatumiza akukhudza nyimbo za magitala aukali, nde ndasankhapo angapo oti tikambirane. Ena ndawadula pang'ono chifukwa cha malo.

FUNSO: Achimwene, msuweni wanga wa ku Manchester anabwera ku holide ndipo m'galimoto amangoika nyimbo zaphokoso zimene amati ndi punk ndi indie rock. Poyamba zimandiboola m'makutu koma kenako ndinapezeka ndikugwedeza mutu. Ine ndimadziwa kuti rock inatha kalekale nthawi ya madala athu. Alipo mabandi amene akutulutsabe zatsopano? Ndiyambire pati?
Wophunzira, Zomba

YANKHO: Aise, rock sinathe ayi, inangochoka pa mawailesi akuluakulu nkupita kumene ofuna amakaisaka okha, ndipo ine ndimaona kuti zimene mabandi ang'onoang'ono akutulutsa zaka zino zili ndi moyo kuposa zambiri zochokera ku makampani a ndalama. Msika wa nyimbo padziko lonse unagwidwa ndi makampani atatu, Universal, Sony ndi Warner. Bandi imene sili m'manja mwa atatuwa, imene imajambula yokha kapena ili pansi pa ka label (kampani yotulutsa nyimbo) kakang'ono, ndi imene msuweni wakoyo akuitchula kuti indie. Nde nkhani yake kwenikweni ndi yoti ndani akulipira situdiyo, ndani akusankha nyimbo zolowa mu chimbale, komanso nyimboyo ikatuluka mwini wake ndi ndani.

Punk inabadwa chapakati pa zaka za m'ma 1970 ku New York ndi ku London, achinyamata atatopa ndi rock ya nthawi imeneyo imene nyimbo imodzi imatalika mpaka tiyi kuzizira woimba gitala akungoonetsa luso la zala. A Ramones anatulutsa chimbale chawo choyamba mu 1976, nyimbo 14, zonse pamodzi osakwana mphindi 30. Ku Manchester komwe kuli msuweni wakoko, mu January 1977 anyamata a Buzzcocks anabwereka ndalama pafupifupi mapaundi 500 kwa abale ndi anzawo nkudinditsa okha marekodi 1,000, popanda kampani iliyonse kuwauza kuti tavomera, ndipo anagulitsa onse mpaka kudinditsanso ena. Mzimu umenewo ndi umene ukuyendetsabe mabandi amene ndikutchulire.

Yamba ndi IDLES ya ku Bristol. Woimba wake Joe Talbot amakuwa ngati akukangana ndi munthu pamsewu koma ukamvetsera mawu upeza akuimba za imfa ya mayi ake, za mwana wake amene anapita padera, za anthu obwera kuchokera kumaiko ena amene amanyozedwa ku UK, komanso zoti mwamuna naye ali ndi ufulu wolira. Ali pansi pa label yodziimira ya Partisan ndipo zimbale zawo za 2020 ndi 2024 zonse zinafika pa nambala wani ku UK, zimene zikukuonetsa kuti sikuti ndi nyimbo za anthu khumi m'kachipinda. Ngati phokoso la IDLES lakukulira pita kwa Fontaines D.C. a ku Dublin, awa anakumana ku koleji ya nyimbo nkugwirizana chifukwa chokonda ndakatulo, nde mawu awo ndi okoma, ndipo chimbale chawo cha 2024 chotchedwa Romance ndi chofewerapo, ungamvere uli m'minibasi osadzidzimutsa woyandikana naye.

Koma amene ine ndimawakonda kwambiri ndi Amyl and the Sniffers a ku Melbourne, Australia. Mu 2016 anali anthu ongokhala nyumba imodzi, tsiku lina anangoti tiyeni tipange bandi, nkulemba nyimbo, kujambula ndi kuika pa intaneti zonsezo m'maola 12. Mtsogoleri wake ndi mkazi, Amy Taylor, ndipo ukamuona pa siteji sakhala malo amodzi ngakhale sekondi, amathamanga, kudumpha, kuseka, kwinaku akuimba zoti mkazi akufuna kuyenda yekha usiku osaopa munthu. Chimbale chawo cha Cartoon Darkness chinatuluka October 2024. Akazi agwiradi punk ya masiku ano, kuli Wet Leg a ku Isle of Wight amene anatenga ma Grammy awiri mu 2023 ndi chimbale choyamba chenicheni, kulinso Lambrini Girls a ku Brighton amene anatulutsa chawo choyamba January 2025, awa nde ndi olusa ndipo satsuka mkamwa, udziwiretu.

Usamvere zonse tsiku limodzi. Tenga chimbale chimodzi, uchimvere kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza katatu konse usanagamule, makutu amafuna kuzolowera kaye gitala wa mawu osweka, amene amati distortion, asanayambe kumva zimene zili pansi pake.

FUNSO: Bambo olemba, ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 17, wayamba kumvera nyimbo zokuwa, zovala akufuna zakuda zokhazokha, mahedifoni sachoka m'makutu. Amayi anzanga akumpingo akuti zimenezi ndi za satanic ndipo ndimulande foni. Ine mtima suli m'malo. Ndichite bwanji?
Mayi wodandaula, Kasungu

YANKHO: Mayi, zikomo kwambiri kuti mwayamba mwafunsa musanalande foniyo, ndipo nkhawa yanu ndikuimvetsa, kholo lililonse likhoza kudzidzimuka kumva kukuwa kuchipinda kwa mwana. Ndikuuzani zonse osabisa.

Zoona alipo mabandi ena amene amagwiritsa ntchito zizindikiro za satana, makamaka mu nthambi ina ya metal yotchedwa black metal, ndipo ku Norway kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ena mwa anthu a gulu limenelo anafika powotcha matchalitchi nkumangidwa. Zimenezo zinachitikadi. Koma imeneyo ndi nthambi imodzi yaing'ono, ndipo punk ndi rock zimene achinyamata ambiri akumvera si zimenezo. Nyimbo zambiri za punk zimakamba za ulova, lendi yokwera, apolisi ankhanza, andale abodza, chibwenzi chatha, kapena mtima wolemera umene munthu akusowa womuuza. Kukuwako ndi kaimbidwe chabe, monga mmene mlaliki wina amakwezera mawu uthenga ukafika pamtima. Zovala zakuda nazo ndi fashoni ya gulu lawo.

Zovuta zenizeni zimene zilimo ndi ziwiri. Choyamba ndi kutukwana, mabandi ambiri amalankhula mosasefa. Chachiwiri ndi mbiri ya mankhwala osokoneza bongo, Sid Vicious wa bandi ya Sex Pistols anamwalira mu 1979 ali ndi zaka 21 zokha chifukwa cha heroin, ndipo si yekhayo. Koma mkati mwa punk momwemo munatulukanso gulu lokana zimenezi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anyamata a Minor Threat ku Washington D.C. anayambitsa chimene chimatchedwa straight edge, kutanthauza kuti osamwa mowa, osasuta, osagwira mankhwala, ndipo mpaka lero alipo achinyamata amene amalemba X kuseri kwa dzanja posonyeza kuti iwo zimenezo ayi. Aliponso mabandi a akhristu, monga MxPx imene inayambira pa label yachikhristu ya Tooth & Nail. Ndipo bambo Jagari Chanda a ku Zambia, amene ndiwatchulanso m'munsimu, ndi mkhristu wopemphera koma akuimbabe rock pa msinkhu wopitirira zaka 70.

Nde pempho langa ndi ili. Tsiku lina madzulo mutadya, muuzeni mwanayo kuti akuikireni nyimbo zitatu zimene amazikonda kwambiri, osati pa hedifoni koma pa sipika, ndipo akuonetseni mawu ake pa foni nkumakumasulirani. Mumufunse kuti chimakusangalatsa nchani pamenepa, ndipo mumusiye amalize kuyankha. Mudziwa zambiri za mwana wanu usiku umenewo. Mukapeza nyimbo ina imene mawu ake simukugwirizana nawo muuzeni poyera ndi chifukwa chake, zimenezo adzazimva kusiyana ndi kumulanda foni, chifukwa mukalanda akangomvera pa foni ya mnzake ndipo inu sadzakuuzaninso kanthu. Zoti muziyang'anitsitsa ndi izi, kusukulu zikuyenda bwanji, akudya, akugona, akucheza ndi ndani, wayamba kudzipatula kapena kulankhula zotaya mtima. Ngati zimenezo zilipo vuto si gitala, mwana akufunika kukhala naye pansi ndipo mwinanso kupita naye kwa aphungu kuchipatala.

Chimodzi chokha choti mulimbe nacho ndi makutu ake. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amalangiza kuti voliyumu ya mahedifoni isapitirire 60 peresenti, ndipo makutu akawonongeka ndi phokoso sabwereranso.

FUNSO: Man, nyimbo zimenezi pa wailesi kuno sizimveka, kwa obena nyimbo kumsika ukafunsa amangokuyang'ana. Ndingazipeze kuti popanda kumaliza bandulo tsiku limodzi?
Mnyamata wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Malo oyamba ndi webusaiti ya Bandcamp. Kumeneko ndi kumene mabandi odziimira amaika okha nyimbo zawo, umatha kumvera ulere kangapo usanagule, ndipo poti ndi mawu okha opanda vidiyo data yake siluma kwambiri. Lemba punk, post-punk, hardcore kapena garage rock posakira, uthanso kusaka ndi dzina la mzinda, Nairobi, Johannesburg, Jakarta, uona zinthu zimene sunaganizirepo. Nyimbo zatsopano padziko lonse zimatuluka Lachisanu, nde ngati ukugula bandulo kamodzi pa sabata gula tsiku limenelo. Ubwino wa Bandcamp ndi woti ukagula, iwo amadula 15 peresenti yokha ndipo yotsalayo, kupatula kachindapusa kotumizira ndalama, imapita kwa oimba, ndipo kuyambira March 2020 nthawi ya Covid anayambitsa masiku ena otchedwa Bandcamp Friday amene sadula gawo lawo. Mabandi ena amaika kuti lipira zimene ungathe, ngakhale ziro. Vuto kwa ife ndi loti kulipira kumafuna khadi ya ku banki kapena PayPal, ndipo ndi mmene forex ikuvutiramu si aliyense angathe, nde amene muli ndi achibale kunja apempheni akugulireni ngati mphatso, imabwera pa imelo nkudawuniloda kamodzi basi yakhala yako.

Chachiwiri ndi YouTube, saka KEXP, ndi wailesi ya ku Seattle imene imaitana mabandi kudzaimba live m'situdiyo mwawo. Pamenepo mpamene umadziwira bandi yeniyeni chifukwa palibe pobisala. Tsitsa quality ya vidiyo kufika 144p, zithunzi zikhala zosaoneka bwino koma mawu umvabe. Spotify nayo inafika ku Malawi mu 2021 ndipo ili ndi ya ulere ya ma advert, ingokumbuka kuyatsa data saver. Chinyengo china chimene ine ndimagwiritsa ntchito, ukapeza bandi imene waikonda yang'ana label yake nkumvera anzawo a label yomweyo, Partisan, Rough Trade, Sub Pop, Dischord, Epitaph, chifukwa ma label ang'onoang'ono amasankha ndi khutu la munthu mmodzi kapena awiri ndipo kawirikawiri ukakonda mmodzi ukondanso ena.

FUNSO: Akulu, ine ndimagwira ntchito ku Joni ndipo anzanga amene timakhala nawo amandiseka kuti ndikumvera nyimbo za azungu, iwo ndi amapiano basi. Nthawi zina ndimachita manyazi mpaka kuzimitsa. Zoona rock ndi ya azungu?
Mmalawi wa ku Johannesburg

YANKHO: Achimwene musazimitsenso. Funso ili limandikhudza kwambiri chifukwa bodza limeneli latilanda chinthu chathu chomwe. Rock and roll anaiyambitsa ndi anthu akuda a ku America, Sister Rosetta Tharpe mayi woimba za uzimu ndi gitala wamagetsi, Chuck Berry, Little Richard. Hardcore punk, ija yothamanga ndi yaukali kwambiri imene anyamata achizungu amadumpha nayo lero, imodzi mwa mabandi amene anaiumba ndi Bad Brains, anyamata akuda achirasta a ku Washington D.C. amene amaimba mothamanga koopsa kenako nkutembenukira ku reggae mu shoo yomweyo, munthu wokulira pa nyimbo za ku Chileka sangasochere pamenepo. Ku London Poly Styrene wa X-Ray Spex, mmodzi mwa akazi oyamba kutsogolera bandi ya punk, bambo ake anali a ku Somalia.

Koma tisapite kutali, tingodumpha malire pa Mchinji. M'zaka za m'ma 1970 Zambia inali ndi rock yakeyake imene pano dziko lonse likuitcha Zamrock. Boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za oimba a m'dzikomo, migodi ya kopa inali ikulipira anthu, nde achinyamata a ku Kitwe, Ndola ndi Lusaka anagwira magitala a fuzz nkusakaniza ndi ng'oma zakwawo. Kunali WITCH ya Emmanuel Jagari Chanda, kunali Amanaz, Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya, komanso Paul Ngozi ndi Ngozi Family amene nyimbo zina amaimba m'Chinyanja chomwechi, gitala akulira ngati chigayo cha dizilo. Kenako mtengo wa kopa unagwa, chuma chinasokonekera, kunabwera malamulo oletsa kuyenda usiku, ndipo Edzi inatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Jagari anatsala yekha mwa oyambitsa WITCH, anakhalapo mphunzitsi, kenako nkumakumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze chakudya.

Amene anadzutsa nyimbo zimenezi si makampani atatu aja, ndi ka label kodziimira ka ku Los Angeles kotchedwa Now-Again kamene kanasaka marekodi akale nkuwatulutsanso. Achinyamata a ku Ulaya ndi ku America atamva anapenga nazo, Jagari anabwerera pa siteji pamodzi ndi Patrick Mwondela woimba kiyibodi komanso oimba achinyamata ochokera kumaiko ena, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango patapita zaka pafupifupi 40, momwe mulinso woimba hip hop wa ku Zambia Sampa the Great. Mu 2025 anatulutsanso china, Sogolo. Nde mukamafunsa za nyimbo zatsopano za mabandi odziimira, imodzi mwa amene akuyenda dziko lonse pompano ndi ya mdala wa ku Copperbelt. Ndipo anzanuwo ngati amamvera hip hop, auzeni kuti Tyler, the Creator mu chimbale chake cha 2024 anatenga mawu a nyimbo ya Ngozi Family, Chinyanja chikumveka bwinobwino mu nyimbo imene inamveredwa ndi anthu mamiliyoni, Travis Scott nayenso anatengako kwa Amanaz mu 2023.

Komwe mukukhalako nakonso kuli mbiri. Nthawi ya tsankho kunali National Wake, bandi ya punk ya akuda ndi azungu pamodzi, anyamata a ku Soweto ndi a mtauni, imene inatulutsa chimbale mu 1981 apolisi akuisowetsa mtendere chifukwa kungoimba limodzi kokhako kunali kuswa dongosolo la boma. Masiku ano ku Soweto kuli TCIYF imene inatuluka mu gulu la anyamata osewera skateboard, kuli BLK JKS amene anabweranso ndi chimbale mu 2021. Ku Nairobi kuli Crystal Axis amene amaimba za nkhanza za atsamunda, ku Ghanzi ku Botswana kuli Overthrust a metal amene amakonza chikondwerero chawochawo m'tauni ya m'chipululu. Ku UK kuli Nova Twins, Big Joanie ndi Bob Vylan, ku Philadelphia kuli Soul Glo. Amapiano ndi abwino, inenso ndimavina, koma tsiku lina muwaikire Paul Ngozi anzanuwo osawauza kuti ndi ndani, muone nkhope zawo akamva chilankhulo.

FUNSO: Biggie, tilipo anyamata anayi, tikufuna kuyamba bandi ya punk. Tili ndi gitala mmodzi wamagetsi wobwereka, bezi ya kutchalitchi ndi ka amp kakang'ono, ma drums tilibe. Gitala tangoyamba kumene kuphunzira. Tidikire kaye mpaka tipeze zida ndi ndalama ya situdiyo?
Anyamata a ku Ndirande

YANKHO: Musadikire, mukadikira zida zokwanira mudzapezeka mwakwatira nonse bandi isanaimbepo. Mdou Moctar wa ku Niger, amene pano ambiri amamuika pa gulu la oimba gitala oopsa kwambiri padziko ndipo anatulutsa Funeral for Justice mu 2024 pa label ya Matador, gitala wake woyamba anapanga yekha ndi thabwa ndi mawaya a mabuleki a njinga, ndipo nyimbo zake zinayamba kufala pa ma memory card ndi Bluetooth m'mafoni a anthu a m'chipululu. Kuno kwathu Madalitso Band, anthu awiri okha, amaimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wopanga okha, gitala wa nsambo zinayi ndi ng'oma yoponda ndi chidendene, pano zimbale zawo zikutuluka pa label ya Bongo Joe ku Geneva ndipo akuzungulira Ulaya. Iwo samadzitcha punk koma kachitidwe kake ndi komweko.

Wa gitala, phunzira chinthu chimodzi ichi sabata ino. Ika chala cholozera pa nsambo yaikulu ya pamwamba, pa fret yachitatu (ma fret ndi timipata ta pakhosi pa gitala). Chala cha mphete uike pa nsambo yotsatira, pa fret yachisanu. Menya nsambo ziwiri zokhazo, zinazo uzigwire pang'ono ndi mimba ya chala kuti zisalire. Imeneyo ndi power chord. Tsopano osasintha kaikidwe ka zala, tsetsereka dzanja lonse kupita pa fret yachisanu, kenako yachisanu ndi chiwiri, nkubwerera, dzanja lamanja likumenya chotsitsa chokhachokha mofulumira. Mkono uwawa masiku oyamba, pirira. Nyimbo zambirimbiri za punk zinamangidwa pa zimenezi basi. Pedal ya distortion ngati mulibe, kwezani gain pa ka amp kanuko mpaka mawu ayambe kusweka nkutsitsa master kuti aneba asakuthamangitseni.

Za ma drums, munthu wake ndi wofunika kuposa zida zake. Pezani amene sataya bit, ayambe ndi ng'oma wamba, ndowa, chivindikiro cha poto, chilichonse, ndipo iye ndi wa bezi aziyeserera awiri okha nthawi zina mpaka azimvana osayang'anana. Bezi ya kutchalitchiyo pemphani chilolezo kwa akuluakulu ampingo mwaulemu ndipo muziibweza nthawi yake, musayambe ndi mbiri yoipa. Magetsi akazima musabalalike, imeneyo ndi nthawi yolemba mawu.

Ndipo mawuwo lembani m'Chichewa, chonde. Musavutike kutengera katchulidwe ka ku London, za ku London ali nazo eni ake okwanira. Inu muli ndi mzere wa mafuta, muli ndi satifiketi imene yangokhala mu envelopu chaka chachitatu, landilodi wogogoda pa 1, madzi osatuluka pampopi, mnzanu amene anapita ku Joni osamvekanso. Mdou Moctar amaimba m'chilankhulo chakwawo cha Tamasheq ndipo holo imadzaza ku America.

Kujambula yambani ndi foni. Sankhani chipinda chimene chili ndi katundu, kolekani mabulangete pakhoma, matiresi muimike pakona, foni muiike pa mpando chapatali ndi ng'oma koma moyang'ana amp, jambulani masekondi 30, mverani, sunthani foni, bwerezani mpaka chilichonse chizimveka. Mawu a woimba mudzawaike pamwamba pake ndi BandLab pa foni kapena Audacity pa kompyuta, zonsezi ndi zaulere. Musachite manyazi ndi kamvekedwe, chimbale choyamba cha bandi yotchuka ya Nirvana cha 1989 pa label ya Sub Pop chinajambulidwa ndi ndalama zongopitirira pang'ono madola 600.

Pa ndalama ndikuuzeni zoona kuti musadzakhumudwe. Spotify kuyambira 2024 silipira kalikonse pa nyimbo imene sinamveredwe ka 1,000 pa chaka, ndipo ngakhale ipitirire, zimene zimabwera pa kumvera kumodzi ndi kachidutswa ka senti. Mabandi ang'onoang'ono kulikonse amadalira ma shoo ndi kugulitsa ma T-shirt. Nde konzani shoo yanu nokha, holo ya sukulu kapena bwalo la kuseri kwa nyumba masana, itanani anzanu a hip hop ndi a reggae aimbe nawo kuti anthu abwere, khomo likhale lotsika mtengo. A bandi ya Fugazi ya ku Washington D.C. anakhala zaka zambiri akukakamira kuti khomo la shoo yawo likhale madola 5 okha ndipo ana alowe. Nyimbo gulitsani pa WhatsApp anthu azilipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Mukakhala ndi nyimbo zisanu zolimba tumizani kwa okonza zikondwerero ngati Tumaini ya ku Dzaleka. Ndipo musanatulutse chilichonse khalani pansi anayi nonse mulembe papepala kuti nyimbo iyi analemba ndani ndipo tizigawana bwanji, kenako mukalembetse ku COSOMA, mabandi ambiri amatha chifukwa cha nkhani imeneyi osati chifukwa chosowa luso.

Anthu akayamba kudumpha nkumagundana kutsogolo kwa siteji, lamulo la punk kulikonse ndi limodzi, wina akagwa onse oyandikira amaima nkumudzutsa. Woimba anene zimenezi pa maiki shoo isanayambe, ndipo anenenso kuti atsikana asagwidwegwidwe.

FUNSO: Mnzanga akuti Turnstile si bandi ya hardcore yeniyeni chifukwa inasaina ndi kampani yaikulu, akuti anadzigulitsa. Ine ndimaikonda. Ndani akulondola?
Mtsikana wa ku Mzuzu

YANKHO: Chemwali, mnzanuyo akulondola pa mfundo imodzi, Turnstile ya ku Baltimore ili pansi pa Roadrunner imene mwini wake ndi Warner, nde pa nkhani ya kampani si odziimiranso. Mkangano umenewu ndi wakale ngati punk yomwe. The Clash anasaina ndi CBS mu 1977 anthu nkudandaula, Green Day atapita ku kampani yaikulu analetsedwa kuimba pa 924 Gilman Street ku Berkeley, kalabu imene inawalera. Ine sindiweruza bandi chifukwa chofuna kudya, anthu amenewa amakhala zaka akugona m'galimoto. Zimene ndimayang'ana ndi zoti nyimbo zawo akupangabe mmene akufunira eni ake kapena akuuzidwa, komanso akamayenda akutengako mabandi ang'onoang'ono kuti nawonso aonekere kapena aiwala kumene anachokera. Pa zimenezi Turnstile ine sindinaione ikulakwa, chimbale chawo cha 2025 Never Enough chili ndi ma kiyibodi ndi zitoliro zimene ena a hardcore sakuzifuna koma zikumveka kuti ndi zofuna zawo. Pitirizani kuimvera, ndipo mnzanuyo mumuuze akutumizireni mabandi atatu amene iye akuti ndi enieni, mumverenso amenewo.